Wodwala sitiroko musamugoneke pamphasa tsiku lonse

Akumbuyoko mukundimva? Chabwino. Zikomo amfumu potipatsa mpata. Nonse mwamva za amayi athu aja a kumtundaku, amene anadwala sitiroko chaka chatha, kuti sabata yathayi anagwa usiku akupita kuchimbudzi mpaka fupa la m'chiuno kuthyoka. Ndiye chichitikireni zimenezo ena mwayamba kutsekera odwala anu m'nyumba, ati asadzuke angagwe. Aaa ayi, pamenepo mukuwonjezera vuto. Mwendo ukakhala osagwira ntchito umafota, tsiku lomwe adzayese kudzuka yekha inu muli kumsika ndi tsiku lomwe adzagwe zenizeni. Adzuke, ayende, koma pakhale munthu pambali.

Kuti munthu aime osadzandira pamathandizana zinthu zitatu, maso, mkati mwa khutu, ndi mapazi omwe amauza ubongo kuti pansi pali bwanji. Sitiroko imasokoneza zimenezi, shuga wokhalitsa amabweretsa dzanzi kumapazi, anyamata athu a kabaza akamenyetsa mutu pangozi nawonso amatsala ndi chizungulire. Tsono munthu yemwe mapazi sakumva bwino amadalira maso. Muganize usiku magetsi azima, mvula yathu ya Mzuzu ino yagwa tsiku lonse, dothi lofiira lija likuterera ngati therere, iye wavala patapata, chimbudzi chili kuseri kwa nthochi. Inu muli m'tulo. Mukuyembekezera chani? Muyikireni ndowa kuchipinda ndi tochi pafupi, palibe chamanyazi pamenepo.

Pali kamayeso kena komwe a fiziyo, aja amathandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatala, amagwiritsa ntchito, nanunso mutha kupanga pakhomo. Mpando wolimba, osati wapulasitiki wothyoka mwendo uja mumasungira alendo. Yezani mamita 3 kuchokera pampando, ikani chizindikiro. Adzuke, ayende kukafika pamenepo, atembenuke, abwerere akhale pansi, inu mukuwerenga nthawi pafoni. Akatenga masekondi 12 kapena kupitirira, munthuyo ali pachiopsezo chogwa. Koma osangoyang'ana foni yokha ayi, muone akudzuka bwanji, phazi likukwekwereza pansi kapena, potembenuka akupendamira mbali iti. Ndipo wina agwire foni, wina akhale pambali pake. Pakhale munthu pambali, mwamva?

Eee abambo, funsani. Akuti ndodo agwirire mbali yodwalayo eti, poti ndi yomwe ikufuna thandizo?

Ayi bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa chifukwa ambiri mumapanga zomwezo. Ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali yamphamvu. Ngati wofooka ndi mwendo wakumanzere, ndodo kumanja, ndiye ndodo ndi mwendo wofookawo zimapita kutsogolo limodzi, wamphamvu nkutsatira. Mukaika ndodo mbali yofooka thupi lonse limapendekera komweko, komanso dzanja la mbali imeneyo nthawi zambiri silitha kugwira zolimba. Kutalika kwake, akaima manja ali pansi, chogwirira chifike polumikizira dzanja pomwe timavala wotchi. Ndinapeza agogo ena akuyendera mpini wa khasu, waufupi, chowerama ngati akufuna ndalama yotayika, mdzukulu wawo akuti bola akuyenda. Bola chani? Kunsi kwa ndodo muike labala, ngakhale chidutswa cha tayala, isaterere pasimenti. Inu womuthandizanu ndi amene mumaima mbali yofookayo, chakumbuyo pang'ono, mugwire m'chiuno, mutha kumumanga chitenje kuti mupeze pogwira. Dzanja lofookalo musalikoke pomudzutsa, phewa limaguluka ndipo ululu wake umakhalitsa.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kumwamba, mvula ikubwera, ndithamange. M'mawa asadzuke mwadzidzidzi, akhale kaye m'mphepete mwa bedi chizungulire chithe, makamaka omwe akumwa mankhwala a BP, koma mankhwalawo osasiya. Kenako kudzuka ndi kukhala pampando kangapo, akatopa apume. Aime atagwira tebulo kapena zenera, asunthire thupi kumwendo uwu, kenako uwo, pang'onopang'ono wofookawo uzolowere kunyamula. Akazolowera aime mapazi ataphatikiza, kenako phazi lina kutsogolo kwa linzake. Pasitepe pokwera uyambe mwendo wamphamvu, potsika uyambe wofooka. Tsiku lililonse, osati Lamlungu lokha alendo akabwera. Mphasa, zingwe za chaja, zidole za ana, chotsani munjira. Zonsezi pakhale munthu pambali.

Akagwa nkumenyetsa mutu, kapena akulephera kuponda, musamuthowe ndi madzi otentha, pitani naye kuchipatala. Mukaona kamwa yapotoka, dzanja lagwa, mawu sakumveka, musadikire kuti kuche, thamangani nthawi yomweyo. A fiziyo ku Mzuzu Central alipo, yambirani ku chipatala chanu chaching'ono akulembereni. Amene muli ndi odwala pakhomo mutsalire pang'ono ndikuonetseni kagwiridwe ka m'chiuno kaja, wina abweretse mpando.