Za hatchi yodya mwaphuma, ndi bwana wofuna kundidula malipiro

Moni abale anga, kaya mukumvera kuno ku South Africa, ku Diepsloot kapena ku Philippi, kaya kumudzi komwe. Mukamva kugunda kumbuyoku musadabwe, ndikujambulira m'chipinda cha zishalo ndipo pali hatchi ina ikumenya chitseko cha khola kuti nthawi yake yodya yakwana.

Lolemba m'mawa kunali zinthu kuno ku Kyalami, ku Joni, kumene ndimasamalira mahatchi. Tili ndi hatchi ina yofula, yofiirira, ine ndimaitcha Chimkamwa. Nditangoithirira ma cube, timibulu touma ta chakudya cha mahatchi, kutembenuka chabe, ndikuona yatambasula khosi, ikutsokomola, thovu lobiriwira likutuluka m'mphuno. Yatsamwa. Inu a m'makola mukudziwa, hatchi sisanza. Ndidachotsa chakudya ndi madzi omwe n'kuimba foni. Dokotala wa ziweto adabwera, kuibaya jakisoni kuti ifooke, kulowetsa paipi m'mphuno, kumathira madzi pang'onopang'ono mpaka chotsekacho chidatsika.

Ndiye dzulo abwana akuti ndalama ya dokotala tigawana, ina ichoka pa malipiro anga. Ine? Ine amene ndakhala ndikuimba nyimbo yomweyi chiyambire chisanu? Paja msipu ukauma mu Juni, belo la udzu wouma wa teff limakwera mtengo, ndiye iwo adalamula kuti udzu wausiku tichepetse. Chimkamwa udzu wake timauika pansi, chifukwa mwini wake safuna neti yopachika m'mwamba, ndipo pamenepo ndimagwirizana naye: hatchi idalengedwa kudya mutu uli pansi, mamina ndi fumbi zimatuluka bwino. Koma chilombochi, chisanakwane ngakhale 8 koloko, chasesa zonse. Usiku wonse chili chiimire m'mimba muli gwa! Kukacha mufuna chidye mwaulemu?

Tamverani abale, makamaka inu mwangotsika kumene basi pa Park Station ku Joni. Anthu awa amaganiza kuti Mmalawi aliyense akamva dzina la Home Affairs, ofesi ya boma yoona za mapepala a alendo, mawondo amagundana. Lamulo la ntchito la dziko lino silola bwana kungodula malipiro chifukwa chinthu chaonongeka. Payenera kuoneka kuti wolakwa ndiwe, akumve mbali yako, uvomere polemba, ndipo zodulazo zisapose gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ako. Ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, amamva ngakhale mlandu wa munthu amene mapepala ake sanalongosoke. Musamasaine chinthu chifukwa choti mwaopa nkhope. Ulemu tidaphunzira kwa makolo, inde, timalandira ndi manja awiri, koma ulemu sikupusa. Ana athu akudya ndalama imeneyi. Fetereza wa mayi anga ku Ntcheu akuchokera m'manja ong'alukawa. Ine ndidangoti, bwana, sindisaina, ndipo ndidawayang'ana m'maso. Chabwino, mtima unkagunda, koma iwo sadaumve.

Ndimati chiyani? Eya, za mimba. Ng'ombe zathu kumudzi zimameza msangamsanga, kenako n'kukagona pansi pa mtengo kumabzikula. Hatchi ilibe mwayi umenewo. Chifu chake n'chaching'ono, malita 8 mpaka 15 basi pa chinyama chonse chija, ndipo asidi amatuluka usana ndi usiku, idye isadye. Malovu omuziziritsa amabwera pokhapokha ikamatafuna. Kutchire imatha maola ngati 16 patsiku ikungobudula pang'onopang'ono. Ukaisiya nthawi yaitali yopanda kanthu ndi pamene zilonda za m'mimba zimayambira, ndi pamene imayamba kudya zitseko. Hatchi ya makilo 500 imafuna udzu wouma wa makilo 8 mpaka 10 patsiku. Nkhani sikuimana ayi, nkhani n'kuti udzu womwewo ukhalitse.

Ndiye zimene ndachita nazi. Mnzanga wa ku Mzimba amene ali pa khola la kuseriku adandibwereka neti ya timabowo tating'ono, ta masentimita 3 kapena 4. Hatchi imachita kusolola ndi milomo, tiwiri titatu. Koma pano mumvetsetse: Chimkamwa ali ndi nsapato zachitsulo. Neti yongoponya pansi ikakola kuseri kwa nsapato, hatchi imadzidzimuka n'kukoka, ndipo mwendo wa hatchi ya anthu awa ndi wodula kuposa nyumba yanga. Ndiye ndidadula dramu la pulasitiki pakati, kupala m'mphepete kuti musacheke, kuboola pansi, kumangirira netiyo m'kati zingwe zonse zitabisika. Mutu uli pansi ndithu, koma ziboda sizifika pa neti. Usiku woyamba idalusa, kuligubuduza dramulo khola lonse, mpaka ndidalimanga pakona. Pakati pa usiku nditasuzumira ndi tochi ya pafoni, inali ikutafunabe.

Masana kubwalo ndimamwaza udzu timilu tambirimbiri motalikirana kuti iziyenda. Osauika pa mchenga, abale, mchenga umaunjikana m'matumbo n'kubweretsa colic, kupweteka koopsa kwa m'mimba. Yalani mphasa ya labala, kapena lamba wakale wa kumigodi ngati alipo. Ma cube tsopano ndimawanyika m'madzi, ndipo mu beseni mwake ndaikamo miyala yosalala, ikuluikulu yoti singalowe m'kamwa, izichita kuzungulira. Udzu uyambe, ma cube pambuyo. Ndawauzanso madamu kuti aitane dokotala wa mano a hatchi, pakuti hatchi ya mano osongoka imameza zosatafuna.

Madamuwo lero abweretsa anzawo awiri kudzaona dramu langa, akujambula ndi mafoni, akuti ndi nzeru ya mu intaneti. Ha! Ndangoseka. Wina wandinong'oneza kuti ndikamupangire lake Loweruka, ndamuuza mtengo ndipo sadatsutse. Amene muli ndi madramu abuluu aja osagwira ntchito, osati omwe munali mankhwala, ndipezeni pa WhatsApp tikambirane.