Makalata a omvera: sola yadzaza pa madenga, nanga okonza ali kuti?

Mwachoma bwanji omvera athu a ku Chipata, Chadiza, Vubwi, Katete, Sinda, Petauke mpaka ku Lundazi, ndi inu a ku Mfuwe amene mukumvera muli pa mthunzi thukuta lili kamukamu. Sabata yatha ndinafunsa kuti amene muli ndi sola pa nyumba, ikavuta mumaitana ndani. Ayi ndithu mwalemba, foni yanga yatentha, ena pa WhatsApp ena makalata a pamanja obwera ndi a kabaza. Tiyambe ndi iyi ya mayi a ku Katete, apempha kuti dzina tisatchule.

"Aulutsi, ine chaka chatha nditagulitsa nshawa ndi soya ndinati basi ndatopa ndi makandulo, ndinagula panelo imodzi ya 150 watts, batire ya 100Ah ndi inveta yosinthira moto wa batire kukhala wa m'nyumba, ndinaitana mnyamata wina wa pa msika amene anthu amati amadziwa za malaiti, anabwera anakwera pa denga analumikiza zonse tsiku limodzi ndinamulipira ndi nkhuku pamwamba. Miyezi iwiri zinali bwino, ana akuonera TV, ine ndinagulanso ka firiji kuti ndizigulitsa ma ice block ku sukulu. Pano batire yatupa ngati mkate, ikafika 19 hours malaiti azima. Mnyamata uja akuti batire inali feki, wa shopu akuti mnyamata ndiye anaononga. Ine ndigwire uti?"

Amayi pepani kwambiri, ndalama ya nshawa simabwera mophweka, tonse tikudziwa kuwerama kwake. Ine sindine injiniya koma ndinapita ndi kalata yanu kwa mphunzitsi wina wa za magetsi, tinakhala pansi ndi pepala, ndipo funso lake loyamba linali lakuti, pa zinthu zomwe mayiwa atchula, charge controller, ka bokosi koletsa batire kudzaza mopitirira muyeso, ili kuti? Simunaitchule amayi. Ngati mnyamatayo anangochotsa waya ku panelo n'kulumikiza mwachindunji ku batire ndiye kuti dzuwa la Okutobala lija limangothira moto mu batire popanda woletsa, ikadzaza imapitiriza kuwira mkati, ndiye kutupa mukukuonako. Ka bokosi kameneko ndiye kapitawo woima pakati, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi batire.

Chachiwiri ndi masamu, ndipo apa mvetserani nonse chifukwa ambiri tikugwera pomwepa. Batire ya 100Ah pa 12 volts imasunga 1200 watt-hours, ndiko kuti ma watts kuchulukitsa ndi maola, koma ngati ndi ija yolemera ya asidi simuyenera kuikama kupitirira theka, ndiye yanu yeniyeni ndi 600 basi. TV ya 60 watts kwa maola 5 yadya kale 300. Mababu anayi a 5 watts maola omwewo, 100. Mafoni a nyumba yonse ndi a aneba omwe, mwatsala ndi kangachepe. Tsopano mwabweretsa firiji youmitsa ma ice block, imene payokha ingathe kudya 1000 pa tsiku. Batire imagona ndi njala usiku uliwonse, m'mawa panelo imodzi siikwanitsa kuikhutitsa, masana ena ikuwira, ingakhale bwanji moyo. Woika sola wophunzira akanakufunsani kaye kuti amayi mufuna kuyatsa chiyani ndi chiyani asanakwere n'komwe pa makwerero. Ndiye pofunsa kuti mugwire uti, ine ndinganene kuti mnyamatayo mwina si wakuba, kungoti anaphunzira theka la ntchito, kulumikiza ofiira ku ofiira wakuda ku wakuda, koma kuwerengera ayi. Musanagule batire ina muitane munthu wa satifiketi ya za magetsi aone waya, aone ngati panelo yayang'ana kumpoto popeza kuno kwathu dzuwa limapendekera kumeneko, ndipo muzipukuta fumbi, panelo yafumbi ili ngati munthu wovala chitenje kumaso.

Ndiye mwamwayi kalata yachiwiri yachokera kwa mmodzi wa anyamata oterewa, si yemweyo ayi musayambe kuloza zala, uyu ndi wa ku Kapata konkuno ku Chipata.

"Boss ine ndinalekeza Grade 9 chifukwa cha ndalama, ndinayamba kukonza mafoni kenako 2024 malaiti atavuta anthu anayamba kundiitana kuika ma sola, ndaphunzira pa YouTube ndi kuonera anzanga, ndaika nyumba zambiri osati masewera. Koma ikabwera ntchito yaikulu ngati ya pa sukulu kapena pa kiliniki amatenga anthu a ku Lusaka, ife amangotipatsa kunyamula mapanelo ndi kukumba maenje. Akuti ndilibe pepala. Pepala ndi limene limagwira sikuludiraiva?"

Hahaha ayi mphwanga pepala siligwira sikuludiraiva, koma tamva tonse za batire ya mayi a ku Katete, ndiye usakwiye anthu akamafunsa pepala. Chaka cha 2024 chija chinatiphunzitsa zambiri, mvula itakana boma linalengeza chilala kukhala tsoka la dziko mu February, madzi ku Kariba anatsika mpaka malaiti timawaona maola atatu kapena osawaona n'komwe, popeza magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi. Aliyense anathamangira sola, wa barbershop, wa butchery, wowotcherera ma geti, mashopu a ku Down Shops anadzaza mapanelo mpaka pakhonde. Katundu anabwera pa thiraki sabata imodzi, koma munthu wodziwa ntchito sabwera pa thiraki, amatenga miyezi kapena zaka kuti apsye. Mpata umenewo ndi umene munalowamo inu, ndipo ine sindikunyozani, popanda inu anthu akanagona mu mdima.

Tsopano njira ilipo. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lili ndi mayeso a luso otchedwa ma trade test, amayambira Level 3 kukwera mpaka Level 1, ndipo pa trade test safuna kuti ukhale ndi Grade 12. Alinso ndi dongosolo loyesa munthu amene anaphunzira ntchito pa ntchito pomwepo ngati iweyo, amakuona ukugwira ndi manja, ukakhoza amakupatsa satifiketi. Pita ku Chipata Trades Training Institute ukafunse za kosi ya magetsi ndi masiku a mayeso, osatuma munthu, upite wekha. Za ndalama, mu CDF, thumba la boma la chitukuko cha constituency, muli gawo la ma bursary a achinyamata ofuna maphunziro a luso, mafomu amadzera ku Ward Development Committee ya kwanu, ndipo thumba limeneli linakwera kufika K25.7 million pa constituency mu 2022 ndipo lakhala likukwerabe, ndiye usamve manyazi kukagogoda, ndi ndalama yako yomwe. Ukapeza pepala ukalembetsenso ku Engineering Institution of Zambia, ma tender aja amayang'ana zimenezo. Chimene ukapeze m'kalasi chomwe YouTube sinakuuze bwino ndi zinthu zotopetsa zija, kukula kwa waya, ma fuse, earthing, kuteteza ku mphezi, zija zimene sizioneka pa chithunzi koma ndi zimene zimaletsa denga la udzu kuyaka.

Iyi ndi yaifupi, mtsikana wa ku Lundazi. "Ndamaliza Grade 12, ndikufuna kuphunzira za sola koma atate akuti mwana wamkazi sakwera pa denga, ndipite ku unamwino kapena uphunzitsi."

Atate, ngati mukumvera, ndi ulemu wonse, ovololo ilipo ya akazi. Komanso ntchitoyi denga ndi gawo lochepa, yambiri ili pansi, kuwerengera, kukonza ma inveta, kuika mapampu a m'madimba. Mwana wanu ali ndi Grade 12, angathe kulowa craft certificate ngakhale diploma. Aphunzitsi ndi anamwino omaliza maphunziro amene akudikira kulembedwa ntchito tikuwadziwa tonse, ena ndi ana athu omwe, pomwe wokonza pampu ya sola ku Lundazi sadikira kalata ya boma, alimi a tomato amamupeza okha ndi njinga.

Yomaliza yandikhudza, yachokera kwa a tcheyamani a kopaletivi ina ku Chadiza.

"Ife tinalandira chigayo cha sola zaka zapitazo, tinavina tsiku limenelo. Chinagwira ntchito, kenako ka bokosi kena mkati kanayamba kuwala kofiira n'kuzima. Mapanelo ali bwinobwino onse, mbuzi zimagona pansi pake. Takhala tikuimba mafoni, akuti wokonza achokera ku Lusaka, timulipire transport ndi malo ogona. Azimayi abwerera ku chigayo cha dizilo mtunda wautali chimanga pa mutu."

A tcheyamani, zikomo, ndipo si inu nokha, makalata ena atatu pano akunena zofanana, wina pampu ya pa mjigo, wina firiji ya mankhwala. Kuchoka Lusaka kufika kuno ndi makilomita oposa 500 pa Great East Road, munthu abwere ulendo wonsewo mwina kudzasintha fuse kapena kumanga waya umene khoswe anadya. Dziko likumanga masiteshoni aakulu a sola, Bangweulu ya 54 MW ku Lusaka inayamba 2019, Chisamba ya 100 MW yatsegulidwa 2025, ngakhale kuno kwathu mudzi wa Chitandika unalandira mini-grid yake, ka siteshoni ka sola kopatsa mudzi magetsi, mu 2019, zonsezo ndi zabwino. Koma ine maganizo anga, ndipo awa ndi anga osati a wailesi, aliyense wobweretsa makina a sola pa mudzi asamachoke asanaphunzitse anthu awiri a pomwepo, osati tsiku limodzi la ma Fanta ndi zithunzi, koma mpaka adziwe kugwira multimeter yoyezera magetsi ndi kuwerenga zimene ka bokosi kakunena kakawala kofiira. Masukulu athu a luso nawonso aziphunzitsa kukonza zoonongeka, chifukwa kuika chatsopano aliyense akuthamangira, muli ndalama yamsanga, koma chakufa chilibe mwini.

Chimene mungachite pano, jambulani ka bokosiko ndi foni, pamene palembedwa dzina ndi manambala, ndi nyali imene ikuwalayo, mutumize pa nambala ya pulogalamu ino. Mphunzitsi uja wavomera kubwera mu studio Lachinayi likudzali, tidzamuonetsa, mwina ndi chinthu chimene mwana wa ku Chadiza komweko angakonze. Ndipo iwe wa ku Kapata ubwere nawenso, ubweretse sikuludiraiva yako ija.

A ku Sinda amene mwafunsa za batire ya lithium ngati ikuyenera mtengo wake, kalata yanu ndaisunga pamwamba, nthawi yatithera, wa nkhani waima kale pa chitseko akundiloza wotchi.