Bwanji 24 Juni? Tsiku la Yohane, la moto, ndi la ovulala a ku Solferino

[Chithunzi: chimoto chikuyaka m'mbali mwa nyanja, kumwamba kudakali kowala]

Taonani chithunzichi. Nthawi yakwana 11 koloko usiku, koma kumwamba kudakali mbee, ngati kuti dzuwa langolowa kumene. Kuno ndi ku Finland, ndipo chimoto chikulilimacho eni ake amachitcha kokko. M'sabata yomweyi moto ukuyakanso pa magombe a ku Spain, pa zitunda za ku Latvia ndi m'mabwalo a ku Brazil. Anthu osiyana zilankhulo, osadziwana n'komwe, asonkha moto chifukwa cha tsiku limodzi, 24 Juni.

Moni nonse, takulandirani. Kuti timvetse tsikuli, tiyambire kumwamba.

[Chojambula: dziko lopendekeka likuzungulira dzuwa]

Dziko lapansi silizungulira litaima chilili. Linapendekeka ndi madigiri pafupifupi 23 ndi theka. Poyenda ulendo wake wa chaka chathunthu mozungulira dzuwa, imafika nthawi imene mbali ya kumpoto imaweramira kudzuwa kotheratu. Pamenepo ku Ulaya, ku Canada ndi ku Russia usana umatalika kuposa tsiku lina lililonse, ndipo kumpoto kwenikweni dzuwa silimalowa n'komwe. Kumwera kwa equator zimatembenuka, usiku ndiwo umatalika ndipo kumazizira. Zaka zambiri izi zimachitika pa 20 kapena 21 Juni.

Nanga ngati tsiku lalitali ndi 21, bwanji chikondwerero chapakati pa chilimwe chili pa 24? Masiku atatuwa achokera kuti?

Achokera kwa Aroma. Julius Caesar atakhazikitsa kalendala yake m'chaka cha 45 Yesu asanabadwe, Aroma ankawerengera kuti dzuwa limatembenuka pa 24 Juni. Koma kalendalayo inali ndi kachilema: chaka chake chinali chotalikirapo ndi mphindi 11 kuposa chaka chenicheni cha dzuwa. Mphindi 11 n'zochepa, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Pa zaka 128 zilizonse zimakwana tsiku lathunthu. Pofika chaka cha 325, pamene mabishopu anasonkhana ku Nicaea, dzuwa linali litatsogola kale ndi masiku ngati atatu. Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza kalendalayi podula masiku 10, moti anthu anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. Koma anaibwezera pamene inali m'nthawi ya Nicaea, sanafike nayo kwa Caesar. Masiku atatu aja anatsala choncho, ndipo anthu anali atazolowera kale tsiku lawo.

[Chithunzi: Yohane M'batizi pa mtsinje wa Yordano]

Anali atalizoloweranso chifukwa cha tchalitchi. Uthenga wa Luka umati mngelo Gabrieli pouza Mariya kuti adzakhala ndi pakati, anamuuzanso kuti mbale wake Elizabeti ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Mwana wa Elizabeti ndiye Yohane M'batizi. Choncho Khrisimasi itakhazikika pa 25 Disembala, kubadwa kwa Yohane kunayenera kukhala miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake.

Wina afunsa kuti bwanji sanaike pa 25 Juni. Apa pali kanthu kokoma. Aroma ankawerenga masiku chobwerera, kuchokera pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Tawerengani ndi zala kuyambira 25 Disembala mpaka 1 Januwale, kuphatikiza masiku onse awiriwo: mupeza 8. Tsopano werengani kuyambira 24 Juni mpaka 1 Julayi: mupezanso 8, chifukwa Juni ali ndi masiku 30 okha. Kwa Mroma, masiku awiriwa anali ndi nambala yofanana ndendende.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, ankalalikira kuti zimenezi sizinangochitika. Yohane mwini wake ananena kuti Yesu ayenera kukula, iye achepe. Ndipo kumpoto kwa dziko, Yohane akangobadwa usana umayamba kufupika, Yesu akabadwa usana umayamba kutalika. Dziwaninso kuti oyera mtima ambiri amakumbukiridwa pa tsiku limene anamwalira. Mpingo wa Katolika umakondwerera kubadwa kwa anthu atatu okha: Yesu, Mariya pa 8 Seputembala, ndi Yohane.

Inu a kwaya, tsikuli likukukhudzani. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, mmonke wa ku Italy dzina lake Guido wa ku Arezzo anatenga nyimbo yachilatini yoimbira Yohane pa chikondwererochi, n'kutola maphatikizo oyamba a mizere yake kuti akhale maina a manotsi oimbira: ut, re, mi, fa, sol, la. Patapita zaka, ut anasanduka do.

[Vidiyo: anthu ovala nkhata za masamba ndi maluwa kumutu]

Tibwerere kumoto. Mukafuna kuona mmene tsikuli limakhalira kwa anthu amene amalitenga ngati mtima wa chaka, pitani ku Latvia. Kumeneko 23 ndi 24 Juni ndi maholide a boma, ndipo mizinda imatsala mbee chifukwa anthu amathamangira kumidzi. Amayi amaluka nkhata za maluwa akutchire. Abambo amavala nkhata zikuluzikulu za masamba a mtengo wa oak, makamaka amene dzina lawo ndi Jānis, lomwe ndi Yohane m'chilankhulo chawo. Ngakhale ng'ombe amaziveka nkhata. Patebulo pamakhala mowa ndi tchizi chozungulira, chachikasu ngati dzuwa, chothira timbewu tonunkhira. Dzuwa likalowa amayatsa moto pamalo okwera kuti kuwala kwake kufike m'minda, n'kuyamba nyimbo zolandizana zimene mzere uliwonse umathera ndi mawu akuti līgo. Kugona kulibe. Akuluakulu awo amati wogona usiku umenewu adzaodzera chilimwe chonse. Ndipo anyamata ndi atsikana amalowa m'nkhalango awiriawiri kukafuna duwa la chomera chotchedwa fern, chomera chimene sichichita maluwa n'komwe. Aliyense amadziwa zimenezi, koma chaka chilichonse ofunafuna sasowa.

Anzawo a ku Estonia anaphatikiza motowu ndi mbiri ya ufulu wawo. Pa 23 Juni 1919 asilikali awo anagonjetsa gulu lankhondo la Ajeremani pafupi ndi tauni ya Cēsis. Masiku ano, m'mawa wa pa 23 Juni, mtsogoleri wa dziko amayatsa muuni, ndipo lawi lake limatengeredwa m'zigawo zonse kuti likayatse moto wa Yohane madzulo ake.

Sweden ndi Finland anasuntha holideyi m'zaka za m'ma 1950 kuti izikhala Loweruka la pakati pa 20 ndi 26 Juni. Ku Sweden amavina mozungulira mlongoti wokutidwa ndi masamba, ndipo atsikana amaika mitundu 7 ya maluwa pansi pa pilo kuti alote mwamuna wodzawakwatira. Ku Ålesund m'dziko la Norway achinyamata amasanjikiza matabwa kwa masabata angapo, ndipo mulu wa mu 2016 unatalika mamita oposa 47 asanauyatse. Ku Porto m'dziko la Portugal anthu amawotcha nsomba m'misewu, akugogodana pamutu ndi tihamala tapulasitiki.

[Mapu: mivi yochokera ku Ulaya kupita ku America]

Atsamunda powoloka nyanja ananyamula Yohane wawo, koma nyengo sanathe kuinyamula. Ku Brazil mwezi wa Juni ndi wozizira komanso wokolola chimanga, choncho zikondwerero za São João, kutanthauza Yohane Woyera, za ku Campina Grande ndi ku Caruaru zimadzaza ndi zakudya za chimanga, ndipo moto umakhala woti anthu aothe.

Ku Peru nkhani yake ndi yowawa. Ainka, amene ankalamulira kumeneko atsamunda asanafike, anali ndi mwambo wawo wa dzuwa, Inti Raymi, wochitika pamene dzuwa latalikira kwambiri, kulipempha kuti libwerere. Atsamunda a ku Spain anauletsa mu 1572. Unadzabwerera mu 1944 ngati sewero lalikulu la mbiri, ndipo mpaka lero umachitika pa 24 Juni pa malinga amiyala a Sacsayhuamán, pamwamba pa mzinda wa Cusco. Mwambo umene unathamangitsidwa unadzakhazikika pa tsiku la woyera mtima wa amene anauthamangitsa.

Ku Canada, olankhula Chifalansa analisandutsa tsiku la mtundu wawo. Zinayamba ndi phwando limene mtolankhani Ludger Duvernay anakonza ku Montreal pa 24 Juni 1834, ndipo mu 1977 boma la René Lévesque linalengeza kuti limeneli ndilo tsiku la fuko la Quebec, chigawo chawo cha olankhula Chifalansa.

Tsopano pali mbali ina ya masiku ataliataliwa. Kale mafumu a ku Ulaya ankayembekeza chilimwe kuti apite kunkhondo, pamene misewu yauma, msipu wa akavalo wakula, ndipo usana ndi wokwanira kuyenda mtunda wautali. N'chifukwa chake 24 Juni ali ndi zipsera zambiri. Mu 1314 Robert the Bruce wa ku Scotland anagonjetsa mfumu Edward II ya ku England pa Bannockburn. Mu 1812 Napoleon anawolotsa asilikali ake mtsinje wa Niemen kulowa m'dziko la Russia, ulendo umene ambiri mwa iwo sanabwereko. Mu 1821 Simón Bolívar anaphwanya asilikali a Spain pa Carabobo, ndipo ku Venezuela tsikuli ndi holide. Mu 1948 dziko la Soviet Union linatseka misewu ndi njanji zolowera ku West Berlin, moti chakudya ndi malasha zinkabwera pa ndege mpaka chaka chotsatira.

Lilipo tsiku losangalatsa pakati pa amenewa. Pa 24 Juni 1995, pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg, South Africa inagonjetsa New Zealand 15 kwa 12 mu fainolo ya chikho cha dziko lonse cha rugby, ndipo Nelson Mandela anatulukira atavala jezi yobiriwira ya nambala 6 kukapereka chikho kwa kaputeni Francois Pienaar.

[Chithunzi: tchalitchi chakale cha ku Castiglione]

Koma kwa ine, pa zonse zimene zinachitika pa tsikuli, imene iyenera kukumbukiridwa kwambiri ndi ya mu 1859, pa mudzi wa Solferino kumpoto kwa Italy. Asilikali a France ndi Sardinia anakumana ndi a Austria, onse pamodzi pafupifupi 300,000. Anamenyana kuyambira m'mamawa, kunja kukutentha, mpaka chimvula champhepo chinagwa chakumadzulo. Pofika usiku, anthu pafupifupi 40,000 anali atafa, atavulala kapena atasowa. Madokotala anali ochepa kwambiri. Ovulala anagona m'minda ndi m'ngalande, akulira madzi.

Madzulo omwewo m'tauni yoyandikana nayo ya Castiglione munafika wamalonda wa ku Geneva m'dziko la Switzerland, Henry Dunant. Nkhondo sanaidzere. Ankafuna kuonana ndi mfumu Napoleon III ya ku France pa nkhani ya malo ndi madzi a bizinesi yake ya ku Algeria. M'tchalitchi chachikulu cha m'tauniyo anapeza ovulala mazanamazana atagonekedwa pa udzu, mabala ali ndi ntchentche, wowamwetsa madzi palibe. Za bizinesi anaziika pambali. Anasonkhanitsa amayi ndi atsikana a m'tauniyo, anatuma anthu kukagula nsalu ndi zina zofunika ndi ndalama zake, ndipo anakhala pansi kulembera akufa makalata otsanzika kwa abale awo.

Chimene chimandigwira mtima ndi cha amayiwo. Asilikali a Austria anali adani a dziko lawo. Koma amayiwo ankatsuka bala la Mfalansa, n'kusunthira kwa wa ku Austria wogona pambali pake ndi beseni lomwelo, akunena kuti tutti fratelli, kutanthauza kuti onsewa ndi abale.

Dunant atabwerera kwawo analemba zimene anaona, ndipo mu 1862 anasindikiza bukulo ndi ndalama zake, n'kulitumiza kwa mafumu ndi akuluakulu ankhondo. Anapempha zinthu ziwiri: kuti dziko lililonse likhale ndi gulu la anthu odzipereka ophunzitsidwa nkhondo isanayambe, ndiponso kuti mayiko agwirizane kuti wovulala ndi womusamalira asaphedwe. Mu 1863 anthu asanu a ku Geneva anakhazikitsa komiti imene inadzakhala Red Cross. Pa 22 Ogasiti 1864 mayiko 12 anasaina pangano loyamba la ku Geneva, ndipo chizindikiro chake chinakhala mtanda wofiira pa nsalu yoyera, mitundu ya mbendera ya Switzerland yotembenuzidwa. Bizinesi ya Dunant inagwa, iye anakhala zaka zambiri mu umphawi, ataiwalika. Mu 1901 analandira mphoto yoyamba ya mtendere ya Nobel, pamodzi ndi Frédéric Passy wa ku France.

[Vidiyo: mzere wautali wa miuni usiku]

Chaka chilichonse kumapeto kwa Juni, anthu odzipereka a Red Cross ndi Red Crescent ochokera m'mayiko ambiri amasonkhana ku Solferino. Kukada, aliyense amayatsa muuni wake, ndipo amayenda pansi makilomita angapo mpaka ku Castiglione, njira imene ovulala aja ananyamulidwira.