Mapadi a mabuleki: amumsewu ndi apabwalo la mpikisano

Zikomo a wapampando, akuluakulu nonse, amayi ndi abambo amene mwafika madzulo ano. Ndapemphedwa kuti ndilankhule za mapadi a mabuleki chifukwa ambiri mwa ife kuno ku Johannesburg tikugwira ntchito m'magalaja, ndipo masiku ano tikulandira makasitomala amene galimoto yomwe amapita nayo kuntchito Lolemba ndi yomweyonso amakaithamangitsa Loweruka pabwalo la mpikisano monga Zwartkops kufupi ndi Pretoria kapena Kyalami ku Midrand. Munthu wotereyu akafika pagalaja amangoti timuikire mapadi amphamvu. Vuto la mawu amenewa ndi lakuti padi ilibe mphamvu imodzi yokhazikika, chifukwa kagwiridwe kake kamasintha malinga ndi kutentha, choncho makaniko ayenera kuyamba wadziwa kuti padiyo ikagwira ntchito pa kutentha kotani.

Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro la galimoto kukhala kutentha. Padi ikafinya disiki, chitsulo chimene chimazungulira limodzi ndi tayala, mphamvu yonse imene imathamangitsa galimotoyo imalowa m'zitsulo ziwirizi, ndipo chimene ambiri sachiganizira ndi chakuti liwiro likawirikiza kawiri kutenthako kumachuluka kanayi. Kuimitsa galimoto imene ikuthamanga makilomita 200 pa ola kumatulutsa kutentha kochuluka kanayi poyerekeza ndi kuimitsa galimoto yomweyo pa makilomita 100. M'tauni mumaponda buleki pamaloboti, kenako mumayenda kanthawi mphepo ikuziziritsa disiki, ndipo kawirikawiri kutentha sikufika madigiri 300. Bwalo la Zwartkops ndi lotalika makilomita 2.4, galimoto imalizungulira m'mphindi zosakwana ziwiri, ndipo paulendo uliwonse woyendetsa amaponda buleki mwamphamvu kangapo. Disiki sipeza mpata wozizira, kutentha kumapitirira madigiri 500, moti nthawi zina chitsulo chimachita kufiira ngati khala.

Padi ndi chisakanizo cha ufa wa zitsulo, ulusi ndi zina zochepetsa phokoso, zonse zomatidwa pamodzi ndi utomoni. Kale ankaikamo asibesitosi, amene dziko lino linaletsa mu 2008 chifukwa fumbi lake limawononga mapapo, ndipo mpaka lero si bwino kuuzira fumbi la mabuleki ndi kompuresa popeza simudziwa chimene chili m'padi yakale. Padi wamba yamumsewu inapangidwa kuti igwire msanga ikadali yozizira, isalire, ndiponso isadye disiki. Mukaipitiriza muyeso wake utomoni uja umayamba kupsa, fungo lake limamveka ngakhale muli m'kati mwa galimoto, ndipo padi imangoterereka pa disiki.

Pamenepa ndikupemphani kuti musiyanitse matenda awiri amene anthu amawasokoneza. Ngati chopondera chili cholimba bwinobwino koma galimoto sikuchepetsa liwiro monga mwa masiku onse, mapadi ndiwo apsa. Ngati chopondera chafewa ndipo chikulowa mpaka pansi, mafuta a mabuleki ndiwo awira, chifukwa nthunzi imafinyika pamene mafuta safinyika. Amene munatsikapo mapiri a Chiweta kapena Khwekhwerere ndi galimoto yodzaza katundu mukulidziwa fungo ndikunenali, ndipo mukudziwa chifukwa chake madalaivala akale amatsika ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize mabuleki. Pabwalo la mpikisano zomwezo zimachitika pamalo athyathyathya, ndipo zimachitika msanga.

Wina anganene kuti mankhwala ake ndi osavuta, tingoika mapadi ampikisano n'kuiwala. Ine ndinaganizaponso choncho. Chaka china m'mwezi wa June kasitomala anabwera ndi mapadi ake ampikisano weniweni m'bokosi, ndinamuikira madzulo osafunsa zambiri, ndipo m'mawa kuli chisanu chija cha kuno chimene chimaumitsa zala ndinatuluka nayo galimotoyo kukaiyesa. Pamaloboti oyamba ndinaponda buleki monga ndimapondera masiku onse, koma galimoto inapitirirabe ngati sindinaponde kanthu. Ndinakanikiza ndi mphamvu zanga zonse, ndipo inaima patangotsala malo okwana chikhatho chimodzi kuti ndigunde kumbuyo kwa galimoto ya munthu wina. Mapadiwo analibe vuto lililonse, wolakwa ndinali ine amene ndinawatengera kumsewu wozizira pamene anapangidwa kuti ayambe kugwira atatentha. Zoona, mapadi ena ampikisano a masiku ano amagwira ndithu ngakhale ali ozizira, koma akatero amapala disiki ngati tupa, amalira pamaloboti aliwonse, ndipo fumbi lawo lachitsulo likanyowa limachita dzimbiri pa marimu.

Pakati pa mitundu iwiriyi pali mapadi amene opanga amati ndi oyenera msewu ndi bwalo lomwe. Odziwika kwambiri ndi Ferodo DS2500, EBC Yellowstuff ndi Hawk HP Plus. Kampani ya Ferodo ndi yakalekale pa ntchitoyi, inayambitsidwa ndi Herbert Frood ku England mu 1897. Mapadi amenewa amagwira bwino m'mawa ndipo amapirira kutentha kuposa wamba, koma tisanamize kasitomala kuti amakwanitsa zonse. Pa galimoto yopepuka yoyendetsedwa ndi munthu amene akuphunzira kumene, amakwanira. Pa galimoto yolemera, ya injini yamphamvu, yokhala ndi matayala ogwira kwambiri, woyendetsa akangozolowera bwalo n'kuyamba kuchedwa kuponda buleki pofika pakona, mapadi amenewanso amafika potopa. Choncho musanatsegule kabuku ka mitengo funsani kulemera kwa galimoto, mtundu wa matayala, bwalo limene akupita, ndi kuti pachaka amapitako kangati.

Mukatenga padi m'manja, yang'anani m'mphepete mwake kapena kumbuyo kwa chitsulo chake, ndipo pa mapadi ambiri mupeza malembo awiri monga EE, FF kapena GG. Lemba loyamba likunena za kagwiridwe ka padi pa kutentha kwa masiku onse, lachiwiri likunena za kagwiridwe kake itatentha. E akuimira muyeso wa 0.25 mpaka 0.35, F akuimira 0.35 mpaka 0.45, ndipo G akuimira 0.45 mpaka 0.55; nambala ikakula, padi imagwira kwambiri. Padi yolembedwa FE ikukuuzani yokha kuti ikatentha imafooka. Komabe mayeso amenewa amathera pa madigiri pafupifupi 340, kutanthauza kuti malembowa ndi othandiza posankha padi yamumsewu koma sanena chimene chidzachitike pabwalo; kumeneko muyenera kuona chithunzi cha opanga chosonyeza kagwiridwe ka padi kuyambira yozizira mpaka madigiri 600 kapena 700. Chizindikiro china ndi R90, lamulo la ku Ulaya lonena kuti padi yosinthira isasiyane kagwiridwe ndi imene galimoto inabwera nayo ndi maperesenti oposa 15. Mapadi ampikisano weniweni sakhala nacho chizindikirochi, ndipo mabokosi ake ambiri amalembedwa kuti si ogwiritsa ntchito mumsewu.

Pali bodza lina limene limagulitsa mapadi ambiri, lakuti padi yodula imafupikitsa mtunda woimira. Ngati mapadi amene muli nawo akutha kale kudzutsa ABS (makina oletsa matayala kugwidwa n'kumaterereka) mukaponda mwamphamvu, ndiye kuti malire anu ali pa matayala, ndipo padi ina iliyonse sichotsapo ngakhale mita imodzi pa kuima koyambako. Chimene mukugula ndi chakuti kuima kwakhumi kufanane ndi koyamba. Musaikenso mapadi aukali kumbuyo kokha, chifukwa poima kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, ndipo matayala akumbuyo akayamba kugwidwa msanga galimoto imafuna kutembenuka.

Mafuta a mabuleki ndi amene amaiwalidwa kwambiri, chonsecho ndi otsika mtengo kuposa china chilichonse chimene tatchula. Mafuta a mtundu wa DOT 4 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba muyeso wake umatsika kufika cha m'ma 155. A DOT 5.1 amayambira pa 260, pamene ampikisano monga Motul RBF 600 amapitirira 300. Musasokoneze DOT 5.1 ndi DOT 5, chifukwa DOT 5 ndi wa silikoni ndipo sasakanizidwa ndi enawo. Kuika mapadi opirira kutentha pa galimoto imene mafuta ake atha zaka 3 ndi kungosamutsa vuto, popeza tsopano mapadi salephera msanga ndipo kutentha konse kumakafika ku kalipa, chitsulo chopanira mapadi pa disiki, kumene kuli mafutawo.

Mapadi atsopano amafunika kuwazoloweretsa disiki. Padi yabwino imapaka kansalu kopyapyala ka thupi lake pa disiki, ndipo ikagwira imagwira pa kansalu kameneko. Pezani msewu wopanda anthu, fikani pa makilomita 100 pa ola, pondani mwamphamvu mpaka cha m'ma 20 osaima, mubwereze kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kenako muyende mphindi zingapo osakhudza buleki kuti zitsulo zizizire. Ngati opanga alemba njira yawo m'bokosi, tsatirani imeneyo. Chachikulu ndi chakuti musaime chiimire phazi lili pa buleki disiki ikadali yotentha, chifukwa padi imadinda chithunzi chake pamalo amodzi, ndipo mawa lake kasitomala amabwera kudzadandaula kuti chiwongolero chikunjenjemera ndipo disiki yapindika. Kawirikawiri disikiyo imakhala isanapindike, chavuta ndi kansalu kaja kamene kakhala kokhuthala mbali imodzi. Pa chifukwa chomwechi, munthu akamaliza kuthamanga pabwalo azungulire kamodzi pang'onopang'ono, ndipo akaima asakoke handibuleki koma asiye galimoto m'giya.

Kwa kasitomala amene amapita kubwalo kamodzi kapena kawiri pachaka, ine ndimamuikira mapadi apakatikati aja pamodzi ndi mafuta atsopano. Amene amapita mwezi uliwonse ndimamuuza mosabisa kuti agule mapadi amitundu iwiri, amumsewu ndi apabwalo, tizimusinthira Lachisanu n'kumubwezera Lolemba, ndipo ngati thumba likulola akhalenso ndi madisiki awiriawiri kuti mitundu iwiri ya kansalu isamasakanikirane. Padi imene yatha kupitirira theka isapite kubwalo ngakhale ikuoneka kuti mumsewu ingayendebe miyezi ingapo, chifukwa padi yopyapyala imalowetsa kutentha msanga ku mafuta ndipo imatha mofulumira kwambiri chakumapeto. Disiki nayo ili ndi muyeso wake wotsiriza wodindidwa pa chitsulo, ndipo imene yayamba ming'alu yofika m'mphepete ndi yotaya.

Patebulo apa ndaika mapadi atatu kuti muwapatsirane. Yoyamba ndi yatsopano ya FF, yachiwiri ndi yamumsewu imene inapsera pabwalo, muona kuti ikunyezimira ngati galasi ndipo m'mphepete mwake ikunyenyeka mukaikanda ndi chikhadabo, ndipo yachitatu ndi yampikisano imene inayenda m'tauni mwezi umodzi, pamodzi ndi disiki imene inapalidwa ndi padiyo. A wapampando, amene ali ndi mafunso afunse pamene zitsulozi zikuzungulira.