Sikelo yakwera mutayamba kuthamanga? Imvani kaye

Eee, moni nonse pagulu pano. Ndikufuna ndiyankhe achemwali aja anatumiza uthenga usiku, akuti ayamba kuthamanga masabata awiri apitawa koma sikelo ikuonetsa kuti awonjezera kilo imodzi ndi theka, ndiye akuti bola angosiya. Ayi achemwali, musasiye. Dikirani kaye.

Tiyambe ndi sikeloyo. Sikelo imayeza chilichonse chimene mwakwera nacho: mafupa, madzi, nsima ya dzulo imene ikadali m'mimba, zonse. Ndiye mukayamba kuthamanga thupi lisanazolowere, minofu ya m'miyendo imakhala ndi timabala ting'onoting'ono tosaoneka, n'chifukwa chake mawa lake kapena mkuja ntchafu zimawawa mpaka kukhala pampando kumavuta. Thupi likamakonza pamenepo limasunga madzi. Komanso minofu imayamba kusunga shuga wambiri woti izigwiritsa ntchito pothamanga, amamutcha glycogen, ndipo galamu imodzi ya shuga ameneyu imasungidwa ndi madzi pafupifupi magalamu 3. Magazi nawonso amachulukirako. Ndiye kilo imodzi, ziwiri, m'masabata oyambirirawa, kawirikawiri ndi madzi. Mwamva? Madzi. Kuti thupi liwonjezere kilo imodzi ya mafuta pamafunika mudye ma calorie (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 7,700 kuposa amene thupi lagwiritsa ntchito. Sizichitika usiku umodzi zimenezo.

Tsono kayezedwe. Muzikwera sikelo m'mawa mutangodzuka, mutapita kuchimbudzi, musanadye, musanamwe tiyi. Sikelo yomweyomweyo, pa simenti, osati pa kapeti. Osati lero mwayeza kunyumba, mawa kwa anyamata a sikelo aja a mumsewu m'tauni, mutavala nsapato, chikwama chili paphewa, mutadya kale nkhomaliro, kenako muziti ndanenepa. Aaa, ayi. Yezani katatu pa sabata, lembani. Sabata ikatha phatikizani manambala atatuwo, mugawe ndi 3. Nambala imeneyo ndi imene muziyerekeza ndi ya sabata yamawa. Ndibwereze, chifukwa ndikudziwa wina afunsanso: musayerekeze Lolemba ndi Lachiwiri. Sabata ndi sabata inzake. Ndipo amayi, masiku oti mwatsala pang'ono kupita kumwezi thupi limasunga madzi, nambala imakwera, kenako imatsika yokha.

China, tengani chingwe. Yezani kutalika kwanu, kuyambira kuphazi mpaka pamutu, dulani, pindani pakati. Chopindidwacho chizungulire m'chiuno, pamwamba pang'ono pa mchombo. Chikakumana, muli bwino. Chikakana, muziyeza kamodzi pa mwezi muone mpata ukuchepa. Nthawi zina sikelo yaima koma siketi yayamba kukhwepa.

Tsopano apa, apa mpamene panandivuta ine, ndiye ndichedwapo. Njala. Kuthamanga kumabweretsa njala, komanso kamtima kaja koti ndagwira ntchito lero, ndidzithokoze. Tiwerengere limodzi. Munthu akathamanga kilomita imodzi amatentha pafupifupi calorie imodzi pa kilo iliyonse ya thupi lake. Ndiye wa makilo 80 akathamanga makilomita 5, ndi 400. 400 basi. Thukuta lonse lija, kupuma kwa wefuwefu konse kuja, 400. Ndiye pobwerera mwaima pa okala, Coca-Cola wa 500 ml, ameneyo ndi 210. Mandasi awiri otentha. Kapena chipisi cha pachiwaya, chija amachithira mafuta pamwamba, pomwe sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi pafupifupi 120. Mwabweza zonse musanafike pageti. Madzulo mukuwonjezeranso chipande chimodzi cha nsima chifukwa lero ndathamanga. Iyayi, sindikunena kuti musiye nsima. Sindinatero. Ndikuti mbale ikhale imene inalipo kale kapena ichepeko pang'ono, masamba achuluke, nyemba, usipa, dzira, zimenezi zimakhalitsa m'mimba. Mukafika kunyumba imwani madzi kaye, sambani, kenako idyani chakudya chenicheni. Ndipo ndalama musatenge pothamanga. Imeneyo ndiyo inandithandiza ine, kusiya ndalama kunyumba. Okala uja mumangomudutsa.

Taonani, 7,700 ija mukaigawa ndi 400 ndi maulendo pafupifupi 19. Maulendo 19 a makilomita 5 kuti kilo imodzi ya mafuta ichoke, ngati kadyedwe sikanasinthe. Ndiye amene akufuna makilo 5 pa mwezi ndi kuthamanga kokha, eee, pepani. Theka la kilo pa sabata ndi liwiro labwino kale.

Kuli bambo wina kwathu kuno, tinamuuza, sanamve. Mwezi wa Okutobala, dzuwa lija, iye jekete, m'kati wakulunga pulasitiki pamimba, akuti mafuta asungunuke. Akabwera akukwera sikelo, watsika makilo awiri, akutiseka. Ndi thukuta limenelo bambo, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, mukamwa ibwerera. Tsiku lina chizungulire, anakhala pansi m'mbali mwa msewu, anachita kubwera naye pakabaza. Wina naye, mnyamata, sabata yoyamba makilomita 10 tsiku lililonse, bondo linatupa, miyezi iwiri ali pakhomo akungodya.

Ndiye yambani pang'ono. Ndondomeko ya oyamba kumene kuthamanga yotchedwa Couch to 5K, imene a NHS, bungwe la zaumoyo ku Britain, amalimbikitsa, ndi ya masabata 9, katatu pa sabata. Sabata yoyamba mumathamanga masekondi 60, kuyenda masekondi 90, kubwereza choncho. Pakati pake tsiku lopuma. Amene muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, kaonaneni kaye ndi adokotala.

Achemwali, inu pitirizani mpaka masabata 6, muzilemba manambala aja. Akakhala kuti akukwerabe, ndiye tiyang'ane mbale ndi zakumwa, makamaka shuga wa mu tiyi. Eya, ndi mchere, ndinaiwala, mukadya zamchere wambiri madzulo m'mawa sikelo imakweranso. Loweruka tikumana 5 koloko m'mawa pamalo paja, mubwere ndi chingwe chanu.