Makalata a Omvera: Mafupa a ku Mwakasyunguti

Takulandirani omvera nonse kulikonse kumene muli. Sabata ino makalata afika ambiri, ndipo pafupifupi onse akufunsa za madainoso, nyama zakalekale zimene tinakambako sabata yatha. Ndiyamba ndi kalata imene yandikhudza mtima kwambiri.

Yalembedwa ndi mtsikana wa folomu 3 wa m'boma la Karonga, ndipo akuti: "Ine ndimafuna kudzaphunzira za mafupa a nyama zakale, koma amalume amene amandilipirira fizi akuti madainoso ndi nthano za m'makanema a azungu, komanso akuti mwana wamkazi sangadyere mafupa. Kodi nyamazi zinalikodi?"

Mwana wanga, zinaliko, ndipo zinayenda pa dothi la boma lako lomwelo. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa miyala Frank Dixey anatola mafupa m'dera la Mwakasyunguti, ndipo mu 1928 Sidney Haughton anawalongosola n'kuwapatsa dzina lakuti Gigantosaurus dixeyi. Akatswiri atabwereranso kukakumba m'zaka za m'ma 1980, anapeza mafupa ochuluka amene anasonyeza kuti nyamayi ndi mtundu wapaokha, choncho mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake anaitcha Malawisaurus. Inali nyama yodya masamba, ya khosi ndi mchira wautali, ya m'gulu la matitanoso, ndipo inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Chimene chimapangitsa kuti akatswiri aziilemekeza n'chakuti panapezeka zidutswa za chigaza chake, pamene mitu ya nyama za gulu limeneli sipezekapezeka chifukwa mafupa ake ndi opyapyala ndipo amaphwanyika msanga.

Amalume, ndikulankhula nanu mwaulemu wonse, pakuti kulipira fizi si ntchito yamasewera ndipo tikuthokozani. Koma pa mawu akuti mwana wamkazi sangadyere mafupa, pamenepo mwalakwitsa. Mmodzi mwa amene analemba dzina la Malawisaurus mu 1993 ndi mayi wa Chimalawi, Elizabeth Gomani, amene anakaphunzira ku Southern Methodist University ku Dallas. Mu 1997 iye analongosola kang'ona kakang'ono ka mano achilendo kotchedwa Malawisuchus, ndipo mu 2005 anatchula dainoso wina dzina lakuti Karongasaurus. Ameneyu amadziwika ndi fupa la chibwano ndi mano basi, thupi lake lonse mwina likadali m'nthaka kudikira wolikumba, ndipo ine sindikuona chifukwa chimene wolikumbayo asadzakhalire mdzukulu wanuyu. Ndikupemphani kuti tsiku lina mumutenge, mukalowe m'nyumba yosungira zakale imene inatsegulidwa pa boma la Karonga mu 2004, mukaime pansi pa chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, mudzakweze maso kutsata khosi lake fupa ndi fupa mpaka kumutu. Mukatuluka mudzatilembere, ndipo kalata yanu ndidzaiwerenga poyamba.

Kunena zoona, si amalumewa okha. Makalata angapo sabata ino abwereza mawu omwewo, akuti izi n'zakunja. Zimandiwawa kuti ana athu amatchula Tyrannosaurus wa ku America mosajejema, koma za Malawisaurus sanamvepo. Aphunzitsi, makolo, ndi ife a wailesi, tonse tagonapo pamenepa, chifukwa alendo amayenda ulendo wautali kudzaona zimene ife timazidutsa pa minibasi.

Bambo wina wa ku Ntcheu akufunsa ngati makolo athu ankasaka madainoso. Ayi bambo, nyamazi zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, pamene chibwano cha munthu wakale chimene chinapezeka ku Uraha, komweko ku Karonga, mu 1991 ndi cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zokha.

Mayi wa ku Chipata akuti anaseka atamva kuti mbalame ndi zidzukulu za madainoso. Sekani mayi, koma ndi zoona: mu 1861 ku Germany kunapezeka Archaeopteryx, ya nthenga koma ya mchira wa mafupa, ndipo mu 1996 ku China kunadziwika dainoso wa nthenga wotchedwa Sinosauropteryx. Mukamapha tambala wa alendo, taonetsetsani mamba a kumiyendo ndi zikhadabo zake, ndipo ndiwozo mudyebe mosaopa.

Mnyamata wa ku Zomba akufunsa chimene chinapha madainoso. Akatswiri ambiri amaloza chimwala chachikulu chochokera kumwamba chimene chinagwa ku Chicxulub, m'dziko la Mexico, n'kutulutsa fumbi lophimba dzuwa, koma akukanganabe ngati mapiri ophulika a ku Deccan, ku India, anali atafooketsa kale nyamazi.

Wina wa ku Harare akufuna kudziwa kumene madainoso anayambira. Kwanu komweko kunapezeka Mbiresaurus, mmodzi mwa madainoso oyambirira, wa zaka pafupifupi 230 miliyoni, amene analongosoledwa mu 2022. Tsidya la nyanja, ku Tanzania, kuli Nyasasaurus amene ena amati ndi wamkulu kuposa onse pa zaka, ngakhale ena akuti ndi msuweni chabe wa madainoso, popeza anapezako fupa la mkono ndi mafupa ochepa a msana. Mkangano umenewu udzatha pakadzapezeka mafupa ena.

Nthawi yatithera, ndipo makalata ofunsa ngati Spinosaurus ankasambira tidzawayankha sabata yamawa.