Kupanga chithunzi chimene sichikhalitsa m'chipinda cha mdima

Abale anga amene mukumvera uthengawu, tiyambe ndi chipinda. Tchingani zenera ndi bulangeti, kunsi kwa chitseko mutseke ndi chiguduli, ndipo muyatse babu lofiira lokha, popeza pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera silimva kuwala kofiira. Kamera sikufunika. Papepalapo yalani tsamba la chinangwa, kachidutswa ka neti ya udzudzu, kapena usipa wouma wa ku Nkhata Bay, umene kuwala kumadutsa pang'ono m'zipsepse zake. Yatsani getsi loyera kwa masekondi ochepa, kenaka muzimitse.

Tsopano mabeseni atatu otsukiramo zithunzi... ayi, ndibwerere kaye. Mupange zithunzi ziwiri. Choyamba chidutse mu developer (mankhwala otulutsa chithunzi papepala), m'madzi a viniga (oletsa developer kugwira ntchito), ndi mu fixer (mankhwala oimitsa chithunzi kuti kuwala kusachisinthenso). Chachiwiri chisalowe mu fixer, chifukwa ndicho tikufuna kuti chizisintha tikuchiona. Developer amagwira bwino pa madigiri 20, choncho m'mawa wa Juni kuno ku Mzuzu, pamene madzi a pampopi amaluma zala, khazikani beseni lake m'beseni lalikulu la madzi ofunda.

Apa mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pamavuta. Chachiwiricho chikatuluka mu developer, chiviikeni m'madzi a viniga, kenaka muchitsuke ndi madzi ambiri, babu lofiira likadali loyaka. Ndikubwereza, muchitsuke musanayatse getsi. Developer akatsalira papepala, chithunzi chimada bii nthawi yomweyo, pomwe ife tikufuna kuti mbali zoyera zisinthe pang'onopang'ono, zifiirire, zithimbirire, mpaka tsamba lija limire. Mnyamata wina wa ku Luwinga ndinamuuza zimenezi, koma anathamangira panja pepala likudontha kuti akaonetse anzake, ndipo anafika nalo litada lonse.

Wina afunsa kuti tivutikiranji ndi chinthu choti chifufutika. Pofika 1802, ku England, Thomas Wedgwood ndi Humphry Davy ankapanga zithunzi za mtundu uwu, ndipo ankangozisuzumira ndi kandulo, chifukwa njira yoziimitsira inalibe mpaka 1839, pamene John Herschel anasonyeza kuti mankhwala a hypo, amene ndi fixer uja, amachotsa siliva wa m'pepala amene sanakhudzidwe ndi kuwala. Iwo linali vuto, koma ine ndimaona kuti kusinthako ndiye luso lenilenilo, popeza amene waona chithunzicho Lolemba ndi amene wachiona Lachisanu saona chinthu chimodzi.

Zithunzi zanu ziwiri zija zipachikeni moyandikana pakhoma losafika dzuwa. Ndinatsala pang'ono kuiwala: fixer wotha ntchito amakhala ndi siliva, choncho musamuthire m'dimba kapena m'ngalande yolowera ku Lunyangwa, koma mumusunge m'botolo lolembedwa bwino, patali ndi ana.